Bawuti ndi Nati: Tizitsulo Timene Timasunga Madzi M'paipi

Nkhani ya sabata ino yachokera m'dera la Mfumu Kaphuka, m'boma la Dedza, koma ikukhudza mudzi uliwonse umene uli ndi mpope, mjigo kapena paipi yothirira mbewu, kuyambira ku Nsanje kufikira ku Chitipa. Ndi nkhani ya tizitsulo tiwiri timene munthu angathe kutifumbata m'dzanja limodzi: bawuti ndi nati yake. Pa ndalama zonse zimene zimalowa pa ntchito yobweretsa madzi m'mudzi, za mabawuti ndizo zochepetsetsa, ndipo kapena nchifukwa chake anthu sawaganizira. Komiti ya madzi imatha kukhala pansi tsiku lathunthu kukambirana za mapaipi, simenti ndi thanki, koma zikafika pa mabawuti imangotuma mnyamata pa njinga kuti akagule alionse amene akawapeze ku Linthipe kapena ku Chimbiya. Pakapita miyezi ingapo madzi amayamba kuchucha polumikizira, mipope ya kumapeto kwa mzere imauma, ndipo amayi amatolanso ndowa zawo kubwerera kudambo kumene anali atatsanzikako kale.

Dziko la Dedza ndi lamapiri. Nsonga ya phiri la Dedza ili pa mamita pafupifupi 2,200 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo boma lenilenilo lili pa mamita pafupifupi 1,600. Mitsinje ya Diamphwe ndi Linthipe imasonkhanitsa madzi a kumtunda kumeneku n'kutsika nawo mpaka kunyanja, cha ku Salima. Kutsetsereka kwa dziko kotereku ndi dalitso kwa anthu ofuna madzi a m'mipope, pakuti madzi otengedwa pamwamba amayenda okha popanda injini. Komatu kutsetsereka komweko ndiko kumavutitsa zolumikizira. Madzi otsekeredwa m'paipi amakankha makoma ake, ndipo kukankhako kumakula malinga ndi kutsika kwa malo. Amisiri amayeza mphamvu imeneyi ndi muyeso wotchedwa bar, ndipo lamulo lake ndi losavuta kukumbukira: mamita 10 alionse amene paipi yatsika amawonjezera pafupifupi bar imodzi. Mudzi umene uli mamita 100 kunsi kwa thanki yake umakhala ndi madzi a mphamvu ya mabar 10 nthawi imene mipope yonse yatsekedwa, makamaka usiku anthu atagona.

Kodi mabar 10 ndi chiyani kwa munthu wosazolowera miyeso? Paipi ya mamilimita 100, imene akale ankaitcha ya mainchi anayi, ikatsekedwa kumapeto ndi chivundikiro chachitsulo, madzi amakankha chivundikirocho ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu 785, ndiwo matumba a chimanga pafupifupi 16. Paipi ya mamilimita 200 siwirikiza kawiri ayi, koma kanayi: matumba oposa 60. Ndipo wina akatseka valavu mwadzidzidzi, madzi amene anali kuthamanga amagunda ngati nyundo, mphamvuyo n'kukwera koposa pamenepa kwa kamphindi. Katundu yenseyu amasenzedwa ndi mabawuti, usana ndi usiku, chaka ndi chaka.

Ntchito yotsitsa madzi m'mapiri ndi mapaipi si yachilendo m'Malawi. Inayamba m'chaka cha 1968 ku Chingale, kuseri kwa phiri la Zomba, pansi pa dipatimenti yoona za chitukuko cha m'midzi, ndipo injiniya amene anaitsogolera anali Lindesay Robertson. Eni mudzi ndiwo ankakumba ngalande ndi makasu awo, boma ndi mabungwe othandiza n'kupereka mapaipi ndi alangizi. Kuchokera ku Chingale ntchitoyi inafalikira ku Mulanje ndi ku Phalombe, kenaka m'maboma ena a zigawo zonse zitatu. Mapaipi ambiri a m'mizere imeneyi anali a pulasitiki, olowetsana popanda bawuti, ndipo ena akuluakulu anali a simenti yosakaniza ndi asbestos. Koma pamalo onse ofunika kwambiri pamakhala chitsulo: potengera madzi mumtsinje, polowera ndi potulukira m'thanki, pa valavu yotsekera, pa mita, ndi powoloka mtsinje. Lero pawonjezereka mapampu oyendera mphamvu ya dzuwa, amene akuchuluka m'madimba a mbatata ya kachewere, tomato ndi kabichi. M'matauni ngati Dedza zitsulo zoterezi zimasamalidwa ndi amisiri a Central Region Water Board, bungwe limene linabadwa ndi lamulo la m'chaka cha 1995. Kumudzi sipanala ili m'manja mwa komiti ndi mmisiri wa m'deralo, ndipo nkhani ino ndi yawo.

Pamalo oterewa zitsulo ziyenera kumasulika pofuna kukonza, choncho siziwotcheredwa. Zimalumikizidwa ndi chimene amisiri amachitcha fulanji. Fulanji ndi mbale yachitsulo yokhuthala ndi yozungulira, imene imakhala kumapeto kwa paipi kapena kwa valavu. Pakati pake pali bowo lodutsa madzi, m'mphepete mwake muli mabowo a mabawuti. Mbale ziwiri zimayang'anizana, pakati pawo n'kuikapo gasiketi, ndiyo labala yopyapyala yodulidwa mozungulira. Chimene chimatsekereza madzi si chitsulo ayi, koma gasiketiyo. Ntchito ya mabawuti ndiyo kuifinya mofanana mbali zonse, ndi kusaleka kuifinya.

Apa mpamene pagona chinthu chimene ambiri ogwira sipanala sanauzidwepo. Bawuti si msomali. Nati ikamazungulira, bawuti imatamuka ngati mphira ya legeni, ndipo kufuna kwake kubwerera mwakale ndiko kumakoka mbale ziwirizo pamodzi. Kutamukako maso sangakuone: pa bawuti ya paipi ya m'mudzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, ngati kukhuthala kwa pepala la m'kope. Tsono gasiketi ikaphwatalala pang'ono chabe, kapena kamchenga kamene kanatsalira pansi pa nati kakaphwanyika, kutamuka kuja kumatha, ndipo bawuti imene inali yolimba dzulo lero ikuzungulira ndi zala. Koma munthu akapitiriza kukoka kupyola malire, chitsulo chimatamukiratu osabwereranso, monga imachitira mphira yotopa. Bawuti yotero imaoneka yamoyo, chonsecho mphamvu yake inatha kale. Zonse zokhudza kusankha ndi kumanga mabawuti zimachokera pa mfundo imeneyi.

Kusankha kumayambira pa fulanji, osati pa shopu. Mafulanji ali ndi malamulo a kapangidwe, ndipo m'dziko muno malamulowo anasakanikirana chifukwa cha mbiri. Zitsulo zakale zinabwera ndi muyeso wa ku Britain wotchedwa BS 10, wa mainchi, umene uli ndi magulu ngati Table D ndi Table E. Zatsopano zambiri ndi za mamilimita, zolembedwa PN10 kapena PN16, nambalayo kutanthauza mabar amene fulanji ingapirire. Palinso za muyeso wa ku America, zolembedwa Class 150. Pa paipi yomweyo ya mamilimita 100, fulanji ya PN16 ili ndi mabowo 8, ndipo kuchokera pakati pa bowo limodzi kufika pakati pa bowo loyang'anizana nalo pali mamilimita 180. Ya Table D ili ndi mabowo 4 okha, otalikirana mamilimita 178. Ya ku America ili ndi mabowo 8, koma otalikirana mamilimita 190 ndi theka. Pa shelefu zonsezi zimafanana ngati ana amapasa. Zimakanirana kuntchito, anthu atatseka kale madzi ndi kudula paipi. Pamenepo mmisiri wopupuluma amatenga tupa n'kukuza mabowo, kapena amaika mabawuti ochepa thupi kuti alowe, kapena amasiya mabowo ena opanda kanthu. Njira zonsezi zimabala kudontha. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: kuwerenga mabowo ndi kuyeza fulanji yakale asanapite kogula, kapena kuika katoni pa fulanjiyo, kujambula mabowo ake ndi pensulo, n'kupita nayo katoniyo ku shopu.

Fulanji ikadziwika, kukula kwa bawuti kwadziwikanso. Mafulanji a PN16 a mapaipi a mamilimita 50, 80 ndi 100 amafuna mabawuti a M16. Chilembo M chimasonyeza kuti muyeso wake ndi wa mamilimita, ndipo 16 ndiko kunenepa kwa thupi la bawuti. Sipanala yake ndi ya nambala 24. Mapaipi a mamilimita 150 ndi 200 amafuna M20, imene sipanala yake ndi ya nambala 30. Utali wake ukhale woti nati ikamangidwa, mazinga awiri kapena atatu aonekere kunja. Bawuti yothera m'kati mwa nati imagwira ndi mazinga ochepa. Yotalikitsa imatha kufikitsa nati pothera mazinga fulanji isanafinyike, munthu n'kumayesa kuti yalimba.

Nkhani ya mazinga ili ndi mbiri yakeyake. Kale fakitale iliyonse ku Ulaya inkasema mazinga akeake, kotero kuti nati ya kuno sinkalowa pa bawuti ya uko. M'chaka cha 1841 Joseph Whitworth wa ku England anakonza muyeso umodzi, ndipo mabawuti a dzina lake anafika kulikonse kumene ulamuliro wa Britain unafika, ndi ku Nyasaland komwe. Ku America William Sellers anatulutsa muyeso wina m'chaka cha 1864, ndipo pambuyo pake mayiko ambiri anagwirizana pa muyeso wa mamilimita. Chotsatira chake nchakuti m'bokosi la zitsulo zakale pa msika munthu amapeza mitundu itatu yonseyi itasakanikirana. Bawuti ya 5/8 ya inchi ndi yonenepa mamilimita 15.9, ndipo diso silingaisiyanitse ndi M16. Koma mazinga ake ndi otalikirana mamilimita 2.3, pamene a M16 ndi otalikirana mamilimita 2. Nati ya M16 imazungulira pa bawuti yotereyi kawiri kapena katatu, kenaka n'kuuma. Wosadziwa amayesa kuti yayamba kugwira, amakoka ndi mphamvu zake zonse, n'kumeta mazinga. Wogulitsa akanena kuti, "Tengani bambo, ndi zimodzimodzi izi," wogula ayenera kuyesa yekha pomwepo ndalama zisanachoke m'thumba. Nati yoyenera imayenda ndi zala zokha kuchokera kunsonga mpaka kumene mazinga athera, osagwedera ndiponso osakakamira.

Pamutu pa bawuti yabwino pamakhala manambala, ndipo sanawaikepo pofuna kukongoletsa. Odziwika kwambiri ndi 4.6, 8.8 ndi 10.9. Nambala yoyamba imanena mphamvu imene chitsulocho chingapirire chisanaduke. Yachiwiri imanena pamene chimayambira kutamukiratu. Bawuti ya M16 yolembedwa 4.6 imaduka pa katundu wa matani pafupifupi 6, pamene ya 8.8 imafika matani 12. Nati nayonso ili ndi nambala yake, ndipo mnzake wa bawuti ya 8.8 ndi nati yolembedwa 8. Nati yofewa pa bawuti yolimba imavula mazinga mwakachetechete, osapereka chenjezo. Pamenepa omvera ena angaganize kuti nambala yaikulu ndiyo yabwino nthawi zonse. Sichoncho ayi. Mabawuti 8, ngakhale atakhala a 4.6, ali ndi mphamvu yoposa kutali matumba 16 aja. Pa paipi ya madzi ozizira yokhala ndi gasiketi ya labala, 4.6 kapena 8.8 ndi yokwanira, malinga ndi zimene wopanga valavu walemba, ndipo kugula 10.9 ndi kungotaya ndalama za komiti. Yoopsa ndi bawuti yopanda chizindikiro chilichonse pamutu, pakuti palibe amene angadziwe chitsulo chake. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, ndilo loona za ubwino wa katundu m'dziko muno, koma silingaime pa benchi iliyonse ya pamsika. Pabenchipo woyang'anira ndi wogula mwini.

Kumaiko ena kusankha nati molakwa kunaphetsapo anthu. Pa 30 Okutobala 1990 sitima yankhondo ya ku America yotchedwa USS Iwo Jima inanyamuka pa doko la Manama ku Bahrain itangokonzedwa kumene. Posakhalitsa chivundikiro cha valavu yaikulu ya nthunzi chinafwamphuka, nthunzi yotentha inadzaza chipinda, ndipo amalinyero khumi anamwalira. Ofufuza anapeza kuti pomanga valavuyo panaikidwa manati a chitsulo chofewa chosakaniza ndi mkuwa, amene kunja anali akuda ngati achitsulo cholimba. Anali a kukula koyenera, analowa bwino, anamangika bwino. Kutentha kutakula anafewa n'kutaya.

Madzi a ku Dedza satentha chotero. Mdani wa bawuti kumeneko ndi chinyezi: nkhungu ya m'mawa, mvula ya m'mapiri, ndi dothi la m'dambo limene silimauma msanga. Bawuti yakuda, ya chitsulo chosakutidwa, ikakwiriridwa m'dothi lotere imachita dzimbiri mpaka nati ndi bawuti kukhala chinthu chimodzi, ndipo tsiku lokonza valavu amisiri amaidula ndi sowo. Oyenera ntchito ya madzi ndi mabawuti oviikidwa mu zinki yosungunuka, amene amaoneka otuwa ndi okhakhala ngati malata akale. Alipo ena onyezimira bwino, okopa maso, koma zinki yawo ndi yopyapyala kwambiri ndipo m'nthaka sakhalitsa. Bawuti yoviikidwa iyenera kugulidwa pamodzi ndi nati yake, pakuti zinki imanenepetsa mazinga, ndipo opanga amakuza pang'ono bowo la nati kuti zigwirizane. Aliponso mabawuti a chitsulo chosachita dzimbiri, olembedwa A2-70 kapena A4-70. Ndi okwera mtengo, ndipo ali ndi khalidwe lawo loipa: akamangidwa ouma ndi mofulumira, mazinga ake amamatirirana osamasukanso, choncho amafuna mafuta ake apadera. Akakhudzana ndi fulanji ya zinki pamalo onyowa, amafulumizitsa kudyeka kwa zinkiyo.

Pansi pa mutu wa bawuti ndi pansi pa nati pamafunika washala yafulati, makamaka pa fulanji ya pulasitiki kapena yopakidwa utoto. Gasiketi ikhale yatsopano nthawi iliyonse fulanji yamasulidwa, ikhale imodzi yokha, ndipo ikhale ya labala yovomerezeka pa madzi akumwa, kawirikawiri yokhuthala mamilimita 3. Ambiri amadula gasiketi ku chubu chakale cha galimoto. Pa tsiku la mavuto chubu chingapulumutse mudzi ku ludzu, koma si chokhalitsa, ndipo vuto lake nlakuti zinthu zoikidwa mongoyembekezera zimaiwalika pomwepo. Pa valavu ya chitsulo chosungunulira m'chikombole, chimene chimasweka ngati mphika m'malo mopindika, gasiketi iyenera kuphimba nkhope yonse ya fulanji mpaka kupyola mabowo, kuti mabawuti asathyole m'mphepete.

Tsono kumanga. Anthu a kwa Kaphuka, kumene ng'oma za gule sizisowa, akudziwa kale chinsinsi chake. Wokunga ng'oma sakhoma zikhomo motsatana kuzungulira chikopa. Amakoka kuno n'kukhoma, amapita kutsidya n'kukoka, kenaka kumanja, kenaka kumanzere, pang'onopang'ono, mpaka chikopa chonse chitakungika mofanana. Akayamba mbali imodzi n'kumangotsatira, chikopa chimachita makwinya kumene athere, ndipo ng'omayo silira. Gasiketi ndi chimodzimodzi. Munthu akamangiratu bawuti imodzi, fulanji imapendama, mbali imeneyo gasiketi imafinyika mopyola, mbali inayo n'kutsala yoyasamula, ndipo palibe mphamvu imene ingawongole zimenezi pambuyo pake.

Ntchito imayamba madzi atatsekedwa ndi kukhetsedwa. Pomasula fulanji yakale, mmisiri amayamba ndi mabawuti a mbali ya kutali ndi thupi lake, kuti ngati m'paipi mwatsalira mphamvu, madziwo afwamphukire kwina osati kumaso kwake. Nkhope ziwiri za mafulanji zimatsukidwa ndi burashi ya waya mpaka zotsalira za gasiketi yakale, dzimbiri ndi mchenga zitachoka. Kenaka amaona ngati mbale ziwirizo zayang'anizana zokha, popanda kukakamiza. Mabawuti ayenera kulowa m'mabowo ndi dzanja. Ngati paipi yapatuka, cholakwa chili pa kagonekedwe ka paipiyo, ndipo chikonzedwe kumeneko. Kukoka paipi yokhota ndi mabawuti ndiko kumathyola mavalavu. Valavu yolemera ikhazikidwe pa mtsamiro wa konkire, isalendewere pa mabawuti.

Mazinga ndi pansi pa nati pamapakidwa girizi pang'ono, koma pa gasiketi ayi. Chifukwa chake ndi chodabwitsa. Mwa mphamvu zonse zimene mkono umapereka pa sipanala, pafupifupi magawo asanu ndi anayi mwa khumi amathera pa kukhulana kwa zitsulo, m'mazinga ndi pansi pa nati. Gawo limodzi lokha ndilo limatamula bawuti. Choncho bawuti yadzimbiri imamveka yolimba m'dzanja pamene gasiketi sinafinyike nkomwe, ndipo mabawuti awiri okokedwa mofanana, ina youma ina yopakidwa, sagwira mofanana. Onse a pa fulanji imodzi akhale a mtundu umodzi ndi opakidwa mofanana.

Manati onse amayamba amangidwa ndi zala. Kenaka mmisiri amalemba manambala ndi choko pa fulanji, motsatana kuzungulira. Pa fulanji ya mabowo 4 amamanga 1, 3, 2, 4. Pa ya mabowo 8 amamanga 1, 5, 3, 7, kenaka 2, 6, 4, 8, nthawi zonse kudumphira kutsidya. Ulendo woyamba amapereka gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yofunika, ulendo wachiwiri magawo awiri, ulendo wachitatu mphamvu yonse, ndipo pakati pa maulendowa amayeza mpata wa pakati pa mbale ziwirizo mbali zinayi kuti aone ngati ukutsekeka mofanana. Pomaliza amazungulira motsatana, bawuti ndi bawuti, kufikira palibe nati imene ikusuntha. Ulendo womalizawu ndi wofunika chifukwa bawuti iliyonse ikamangidwa imakhwefula pang'ono zinzake zoyandikana nazo. Wogwira ntchito ali awiri zimayenda bwino: wina agwira mutu wa bawuti ndi sipanala, wina azunguza nati.

Nanga mphamvu yofunikayo ndi yochuluka bwanji? Amisiri a m'makampani ali ndi sipanala yoyeza mphamvu, yotchedwa torque wrench, imene imalira kuti "tha" ikafika pa muyeso umene yaikidwa. Muyesowo amaulemba Nm. Kukoka kofanana ndi makilogalamu 20 pa chogwirira cha theka la mita ndi pafupifupi 100 Nm. Bawuti ya M16 ya 8.8 payokha ingapirire pafupifupi 200 Nm, koma malire saikidwa ndi bawuti ayi. Amaikidwa ndi chofooka kwambiri pa cholumikiziracho. Pa fulanji ya pulasitiki ya PVC ya mamilimita 100, opanga ambiri amalemba muyeso wosafika pa 50 Nm. Nchifukwa chake pepala limene limabwera ndi valavu kapena pampu siliyenera kukulungira mandasi. Kumudzi kumene kulibe sipanala yoyeza, chitetezo ndi utali wa sipanala wamba, umene opanga anaulinganiza ndi mphamvu ya mkono wa munthu. Chizolowezi cholowetsa paipi yaitali ku chogwirira cha sipanala, kupondapo ndi phazi kapena kumenya ndi nyundo, chathyola zitsulo zambiri. Chogwirira chikatalika katatu, mphamvu imawirikizanso katatu, mkono osamva kusiyana kulikonse. Mwamuna wamphamvu m'mudzi si ndiye woyenera kupatsidwa sipanala. Woyenera ndi wodekha, kaya ndi mwamuna kaya ndi mayi.

Madzi amatsegulidwa pang'onopang'ono, mpweya n'kupatsidwa mpata wotuluka. Cholumikizira chikadontha mbali imodzi, mtima umafuna kukoka nati ya pomwe pakudonthapo. Kutero ndiko kupendamitsa fulanji. Choyenera ndi kutsekanso madzi, kukhetsa, ndi kubwereza ndondomeko yonse. Kukapitirira kudontha, gasiketi ichotsedwe ndi kuonedwa. Ndipo ngakhale pasadonthe, ntchito sinathe. Labala imaphwatalala m'maola oyambirira, kutamuka kwa mabawuti n'kuchepa, choncho tsiku lotsatira mmisiri ayenera kubwerera ndi sipanala, kutseka madzi, ndi kuzungulira manati onse kachiwiri. Ulendo umenewu ndiwo umene ambiri amaudumpha, makamaka ngati malipiro alandira kale. Komiti yanzeru imasunga kagawo ka malipirowo mpaka tsiku lachiwirilo.

Mapaipi akuda a pulasitiki ya HDPE, amene afala m'minda yothirira, amafuna kuwayendera koposa. Pulasitiki imeneyi imafutukuka pa dzuwa ndi kukhwinyata pa kuzizira mopambana chitsulo kambirimbiri, ndipo imaphwatalala pang'onopang'ono ikafinyidwa. Ku Dedza, kumene usiku wa mwezi wa Juni ndi Julayi umazizira mpaka anthu kuothera moto m'nyumba, pamene masana a Okutobala amatentha, cholumikizira chosiyidwa pamtunda chimakokedwa ndi kukankhidwa tsiku ndi tsiku. Mlimi amene pampu yake yayamba kuyamwa mpweya m'malo mwa madzi ayambe wayang'ana mabawuti a mbali yokokera madzi asanaitane wokonza injini.

Midzi yambiri ya kwa Kaphuka, monganso m'maboma ena, imamwa madzi a pa mjigo, ndipo nawonso mjigo uli ndi fulanji yake. Mjigo wa Afridev, umene chiyambi chake chili pa ntchito ya m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, unakonzedwa mwadala kuti anthu a m'mudzi athe kuusamala okha ndi zida zochepa, makamaka sipanala ya nambala 24. Mutu wake umamangidwa pa chitsulo choimirira ndi mabawuti, ndipo mdani wawo ndi kugwedezeka, pakuti chogwirira chimakwera ndi kutsika kambirimbiri pa tsiku, ana ena n'kumachigunditsa mpaka pansi. Nati imodzi ikakhwepa, mutu umayamba kugwedera, mabowo amakula, ndipo zitsulo za m'kati zimayamba kukhulana ndi paipi. Malangizo a mjigowu amati osamalira aziyesa manati sabata iliyonse. Ndi ntchito ya mphindi zisanu.

Pali chifukwa china, chachikulu kuposa ndalama, choopera cholumikizira chodontha. Bowo limene limatulutsa madzi paipi ikadzaza ndi lomwelo limene limalowetsa madzi paipi ikauma. Madzi akatsekedwa kumtunda, otsala m'paipi amatsetserekera kunsi n'kusiya mphamvu yoyamwa, ndipo chithaphwi chimene chinadikha pozungulira fulanji, momwe nkhumba ndi mbuzi zakhala zikupondaponda, chimalowa m'kati. Madzi akabweranso, amapita nazo zonsezo kumpope umene amayi amaukhulupirira kotero kuti saphitsa madzi ake kapena kuthiramo mankhwala. Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unafika m'maboma onse n'kupha anthu oposa 1,700 pofika chaka cha 2023, ndipo ndiwo unali woopsa koposa yonse m'mbiri ya dziko lino. Njira zimene matendawa amayendamo ndi zambiri, koma madzi oipitsidwa ndiwo msewu wake waukulu.

Cholumikizira chikayesedwa kachiwiri n'kupezeka chouma, mpamene chimakwiriridwa, osati kale. Mabawuti okakhala m'nthaka amapakidwa girizi wokhuthala n'kukulungidwa ndi nsalu yamafuta imene amisiri ambiri amaitcha Denso, kapena kupakidwa phula. Valavu imamangiridwa kanyumba ka njerwa kokhala ndi chivundikiro chokhoma ndiponso potulukira madzi pansi pake, kuti zitsulo zisagone m'thope, ndi kuti osula makasu ndi okonza ngolo asapezepo pogulira mabawuti aulere. Mlembi wa komiti amalemba m'kope lake tsiku la ntchitoyo, mtundu wa fulanji, kuchuluka kwa mabowo, kukula ndi utali wa mabawuti, ndi nambala ya pamutu pake. Mabawuti awiri kapena atatu otsala, pamodzi ndi manati ake ndi gasiketi imodzi yapadera, amaikidwa m'chitini chotseka bwino n'kusungidwa kwa msungichuma, pamalo ouma ndi opanda dzuwa, chifukwa labala ikakhala padzuwa imauma n'kung'aluka isanagwire ntchito.